Mfumu italetsa maliro mpamene ana anga anayamba kulankhula Chingerezi

A Mkonzi,

Ndipatseniko kadanga mnyuzipepala yanuyi ndinenepo za phunziro la Chingerezi mmasukulu a sekondale kuno kwathu ku Angónia, mchigawo cha Tete, ku Mozambique. Ndikudziwa kuti owerenga anu ambiri ali ku Malawi, koma nafenso a ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano mpaka ku Furancungo timakuwerengani pa foni netiweki ikalola, chilankhulo chathu ndi chimodzi, malirewa anangodutsa pakati pa minda ya anthu apachibale.

Chandilembetsa ndi mwana wanga wamkazi, chaka chathachi anali kalasi 11. Tsiku lina ndinapita naye ku Calómuè kukadikira lole yoti itinyamulire matumba a kachewere, nde panaima dalaivala wina wa ku Zimbabwe wa thiraki yaikulu, anamuona mwanayu ali ndi yunifomu nkumufunsa pa Chingerezi tizinthu tiwiri tokha, kuti madzi akumwa angagule pati komanso kuti kukafika ku Tete patsala mtunda wautali bwanji. Mwana wanga anangoti kakasi, maso pansi, chala chikukanda thumba, mpaka ndinayankha ndine. Pobwerera sanalankhule njira yonse, titayandikira kunyumba mpamene anati ababa ndinamva zonse zimene amanena koma mawu amakanirira pakhosi. Mwana ameneyu pa Chingerezi amapeza 15, nthawi zina 16 pa 20, ndipo wakhala akuphunzira chilankhulochi zaka zingapo ndithu.

Usiku umenewo ndinatenga makope ake onse ndikuwatsegula pa tebulo. Zolemba zake nzaukhondo, mizere yojambula ndi lula, verb to be pamwamba, mmunsi mndandanda wa ma verb osatsata lamulo aja, mbali inayi tanthauzo lake pa Chipwitikizi. Kope la kalasi 8 zomwezo, la kalasi 9 zomwezo, la kalasi 10 kwangowonjezereka passive voice. Ndinasakasaka tsamba limodzi lokha pamene mwanayu analembapo maganizo ake, chinthu chimene chinamukwiyitsa kapena kumusangalatsa, sindinalipeze.

Sindikunyoza aphunzitsi ayi. Ambiri ndi ana athu omwe, akugwira ntchito movutika, kalasi yodzaza mpaka ena kukhala pansi, buku limodzi anthu angapo, ndipo ena amaphunzitsa mmawa, masana, usikunso. Vuto ndi lakuti mwana wa kuno amayenda ulendo wautali kuti afike pa Chingerezi. Kunyumba amaganiza pa Chichewa, kusukulu amamuuza kuti alankhule Chipwitikizi, nde Chingerezi chimabwera chachitatu ndipo chimadutsira mChipwitikizi chomwe iyeyo sanachigwirenso bwinobwino. Kuno munthu akati chizungu nthawi zambiri akunena Chipwitikizi, mukangowoloka pa Dedza mawu omwewo akutanthauza Chingerezi, nde mwana wathu ali ndi zizungu ziwiri pamutu. Ndipo ziwirizi zimanamizana. Parents ndi makolo okubala, koma parentes ndi achibale onse. Push ndi kukankha pamene puxar ndi kukoka. Library ndi kobwereka mabuku, livraria ndi kogula mabuku. Mwana akangoloweza mndandanda osamva mawuwa mkamwa mwa munthu amene akunena chinthu chenicheni, amasokonezeka basi, kenako amasankha kukhala chete kuti asachite manyazi.

Chonsecho Chingerezi kuno sichamasewera. Chigawo chathu chokhachi chachita malire ndi maiko atatu, Malawi pa Zóbuè ndi pa Calómuè, Zambia pa Cassacatiza, Zimbabwe pa Cuchamano, konseko ndi Chingerezi mmaofesi. Dziko lathu linalowa mu Commonwealth mu 1995 ngakhale silinalamulidwepo ndi Angerezi. Pitani ku Moatize kumigodi ya malasha mukaone mmene ntchito zabwinoko zimafunira chilankhulochi, njanji yonyamula malasha kupita ku Nacala imadutsa mMalawi momwemo. Ngakhale mayi wogulitsa kabichi ndi tomato pa Lizulu amadziwa kuti kasitomala wa galimoto yabwino nthawi zina amayamba ndi Chingerezi.

Nde ganizo langa ndi ili, ndipo ndikudziwa ena aseka. Ana a kalasi 11 ndi 12 aziwerengako ndi kusewera sewero limodzi lokha lakale, la mtundu uja umathera mmaliro, umene pa Chingerezi amati tragedy, ndipo aphunzitsi asamaletse Chichewa pokambirana nkhaniyo. Ndinena chifukwa chake, ndiyambira pa ine mwini.

Ine Chingerezi ndinachiphunzira kothawa nkhondo. Tinachoka kwathu mu 1986 usiku, amayi atasenza kamtolo, ine ndili ndi zaka 13 ndikukoka mbuzi imodzi imene sinafikenso, tinakakhala mbali ya Dedza ngati mmene anachitira anthu miyandamiyanda nthawi imeneyo. Kumeneko ndinalowa sukulu, ndinavutika, koma ndinafika mpaka Folomu 3 pa kasukulu kena ka MCDE. Aphunzitsi athu a Chingerezi anali ndi buku limodzi lokha la Macbeth, lopanda chikuto, masamba achikasu, analimata ndi selotepi. Amalemba chigawo pa bolodi ife nkumakopera, kenako amati imirirani, iwe ndiwe uyu, iwe ndiwe uyu. Chingerezi cha Shakespeare ndi chakale, munthuyo anabadwa mu 1564 nkumwalira mu 1616, muli ma thou ndi ma thee oti lero palibe amalankhula, nde poyamba tinkangolira nalo. Koma nkhaniyo tinaimva msanga. Msilikali wamphamvu, Macbeth mwiniwakeyo, akumana ndi afiti atatu amene amuuza kuti adzakhala mfumu, mkazi wake amutokosa, nde apha mfumu Duncan ili mlendo mnyumba mwake momwe, itadya nsima yake titero kunena kwake. Ife ana a kumudzi tinadziwiratu kuti munthu wopha mlendo wogona pakhomo pake sadzaonanso tulo, tisanafike nkomwe pamene mkazi uja akuyenda mtulo akusamba mmanja magazi osaoneka. Aphunzitsi anatiuzanso kuti mfumu James imene inkalamulira England seweroli likulembedwa inalembapo yokha buku la za ufiti mu 1597, tinadabwa kuti kani azungunso ankaopa afiti.

Koma tsiku limene sindidzaiwala ndi pamene tinafika poti Macduff, mmodzi wa akuluakulu a dziko mseweromo, akuuzidwa kuti mkazi wake ndi ana ake onse aphedwa iye ali kunja kwa dziko. Anasewera malo amenewo ndi mnyamata wina wa ku Tsangano, wothawa nkhondo mnzanga, wosalankhulalankhula. Mseweromo munthuyo sakhulupirira, amangofunsa mobwerezabwereza ngati ndi onse, kamawu kakang'ono kaja all, kamene tinakaphunzira kale ku pulayimale. Mnyamata uja anakanena koyamba bwinobwino, kachiwiri mawu ananjenjemera, kachitatu anakhala pansi pa simenti nkuphimba nkhope ndi malaya. Kalasi yonse zii. Aphunzitsi sanamukalipire, anatseka buku nkutuluka panja kanthawi. Tonse tinkadziwa zimene zinachitika kumudzi kwawo. Kuyambira tsiku limenelo Chingerezi kwa ine chinasiya kukhala chinthu cha pa bolodi, ndinaona kuti munthu atha kulira nacho, ndipo chigawo chimenecho ndikuchikumbukira mpaka lero ndili ndi imvi, pamene manotsi ena onse a Folomu 3 anapita kalekale.

Nde nditaona makope a mwana wanga aja ndinati ndiyesere. Pa holide ya Disembala ndinaitana iyeyo ndi anzake, onse anakwana 9, atsikana 5 anyamata 4, tizikumana pa khonde pathu masana tikaweruka kumunda. Sindinayambe ndi Shakespeare, ndinaona kuti Chingerezi chake chiwathawitsa tsiku loyamba lomwe. Ndinatenga Antigone, sewero la Chigiriki limene analemba Sophocles cha mma 441 Yesu asanabadwe, chifukwa limawerengedwa lomasuliridwa kale nde Chingerezi chake utha kuchifewetsa osalakwira munthu. Ndinapeza lomasulira lakale pa intaneti, ndinakhala mausiku angapo ndikulifupikitsa ndi kupeputsa ziganizo, linakwana masamba 12, nkukapulintitsa ku Ulongwe ndi ndalama ya kachewere yomwe ija.

Tsiku loyamba mapepala sindinagawe. Ndinangoti padangokhala, iwo mwamanyazi tili tonse, ndikuyamba kuwasimbira pa Chichewa ngati nthano ya agogo. Mumzinda wa Thebes munali anyamata awiri apachibale, Eteocles ndi Polynices, analimbirana ufumu, wina anakatenga asilikali akunja kudzathira nkhondo mzinda wakwawo, ndipo awiriwo anaphana okhaokha pachipata. Ufumu unagwera Creon. Creon analamula kuti amene anateteza mzinda aikidwe mwaulemu, koma woukira uja asaikidwe, asaliridwe, mtembo wake ukhale pamtetete agalu ndi mbalame zidye, ndipo wogwira mtembowo aphedwa. Mlongo wawo Antigone anati ine ndikamuika, mng'ono wake Ismene anachita mantha nakana. Antigone anapita yekha nakawaza dothi pamtembo wa mlongo wake, alonda anamugwira.

Apongozi anga, amayi a mkazi wanga, anali chapafupi pa mphasa akusola nyemba, ine ndimayesa sakumvetsera. Nditafika pamenepo anaimika manja nkufunsa kuti kodi mfumuyo inali ndani wake mwanayo. Ndinati anali amalume ake enieni, mlongo wa mayi ake Jocasta. Agogowo anaika lichero pansi. Anati mwini mbumba? Mwini mbumba amene amayenera kutuma uthenga wa maliro, kuitana adzukulu, kuloza pokumba, ndi amene akuletsa? Anati mfumu ili ndi mphamvu pa munthu wamoyo, ikhoza kumulipiritsa mbuzi, ikhoza kumusamutsa pamudzi, koma akatsikira kuli chete mlandu wake wathera pompo, ngakhale mfiti yodziwika timaiika. Nditawauzanso kuti Haemon mwana wa Creon anali chibwenzi cha Antigone, anati eya nchisuweni chimenecho, palibe chachilendo, nde bamboyo akufuna kupha mpongozi wake yemwe ndi mphwakenso? Anawo anaseka koma ndinaona kuti nkhani yawalowa. Zimene mabuku amavutika kufotokoza masamba ambirimbiri, gogo wosadziwa ndi chilembo chimodzi chomwe anazigwira pa mphindi ziwiri, chifukwa ubale wa mseweromo ukufanana ndi wathu.

Kenako tinakhazika bwalo. Ndinati lero tiweruza pa Chichewa, aliyense anene mbali yake. Apa mpamene panatentha. Mnyamata wina, bambo ake anali msilikali, anaima kumbali ya Creon ndipo sanali wopusa ayi, anati munthu amene wabweretsa adani kudzawotcha mudzi wakwawo mukamuika mofanana ndi amene anafera mudziwo, mawa ndani adzateteze mudzi? Ndipo lamulo likangothyoledwa ndi wachibale wa mfumu osalangidwa, anthu wamba adzati kani malamulo ndi a ife osauka tokha. Mtsikana wina anamuyankha kuti amalume ake anamwalira ku Joni, abale anasonkha miyezi iwiri, anagulitsa ng'ombe kuti thupi libwere pa galimoto kudutsa Zimbabwe mpaka kuwoloka Zambezi, chonsecho munthuyo ali moyo sanatumizeko ndi sopo yemwe, nde ngati tinachita zimenezo kwa munthu wotitaya, ndani angatiuze kuti mbale wathu adyedwe ndi agalu? Anakangana mpaka dzuwa kupendeka. Ine ndinangokhala chete, mumtima ndikuganiza za abambo anga aang'ono amene anaphedwa kuthengo nthawi ya nkhondo ija ndipo sitinawaike, titabwerera mu 1994 tinakafuna malowo osawapeza, mpaka lero agogo ena akwathu amati nchifukwa chake pabanja pathu sipakhazikika. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 koma mabanja ambiri kuno ali ndi munthu amene alibe manda. Ana athu nkhani zimenezi amazimva mmakomo, sukulu yokha ndi imene siziwafunsa.

Tsiku lachiwiri mpamene ndinagawa mapepala, ndipo lamulo linali limodzi, mfundo imene unanena dzulo pa Chichewa lero uinene pa Chingerezi, mawu akakusowa funsa pa Chichewa tikupatsa, koma chiganizo umange wekha. Poti aliyense anali ndi mbali imene amafuna kuti ipambane, manyazi anachepa. Mwana wanga uja wa kakasi pa Calómuè anatenga malo a Antigone, mnyamata wa msilikali uja Creon. Atamuopseza kuti aphedwa, mwanayu anaponya pepala pansi, nkumuloza chala, nkunena mokweza kuti you is my uncle, you must to bury him. Galamala yolakwika kawiri mchiganizo chimodzi, koma aka kanali koyamba mmoyo wanga kumumva akulankhula Chingerezi chochokera mmutu mwake, osati chowerenga. Sindinamudule. Mawa lake mpamene ndinalemba pa kabolodi kuti you imayenda ndi are, ndipo must safuna to patsogolo pake, anakonza, ndipo sanalakwitsenso chifukwa chiganizocho chinali chake, amachifuna.

Ndipo galamala yonse imene ili mmakope muja tinaipeza mseweromo, tinangoitola pamene yagwera. Mlonda akubwera kudzanena kwa mfumu zimene waona, akuchita mantha, akuzungulirazungulira, pamenepo mpophunzirira past tense ndi kunena zimene wina wanena. Haemon akuyesa kubweza bambo ake mwaulemu, osawanyoza, akuti anthu mmudzi akung'ung'udza, pamenepo ana anaphunzira kutsutsa munthu wamkulu pa Chingerezi mosatukwana, chinthu chimene adzachifune pa ntchito tsiku lina. Kumapeto, mlosi wakhungu Tiresias atachenjeza, Creon asintha maganizo koma mochedwa, apeza Antigone wadzimangirira mphanga mmene anamutsekera, Haemon adzipha, mayi ake Eurydice atamva nawonso adzipha, mfumu itsala yokha. Apa ndinawafunsa kuti akanamvera mwana wake chikanachitika nchiyani, ndipo ziganizo za if zija zimene amaziopa pa mayeso zinangotuluka zokha, zokhotakhota koma zamoyo. Ndinawapatsanso ntchito yolemba kalata ngati Ismene, patapita chaka, akulembera mkulu wake amene anamwalira. Mtsikana mmodzi analemba masamba awiri, zolakwika mbwee, koma mkazi wanga nditamumasulira anapukuta misozi ndi chitenje.

Katchulidwe nakonso. Ana athu amawerenga Chingerezi ngati Chipwitikizi, chilembo chilichonse mmene chalembedwera, nde bury amati buri pamene eni ake amati beri, ndipo law ndi low amazitchula chimodzimodzi. Mawu a bury ndi law mseweroli amabwera mwina kakhumikhumi, pofika sabata yachitatu lilime linali litazolowera popanda ine kuwaimbitsa ngati ana a kalasi 1.

Tsono ndiyankhe zimene anthu andiuza kale, chifukwa nkhaniyi ndaikambapo ndi aphunzitsi angapo ndi makolo anzanga.

Ena akuti izi nzachizungu, bwanji osawerenga zathu. Zathu tiziwerenga ndithu, ndipo mkalasi ya Chipwitikizi ana amakumana ndi José Craveirinha, Noémia de Sousa, Luís Bernardo Honwana, ndipo ine ndingakonde atamawerenganso za Chichewa zimene kuno zikusowa kwambiri. Koma kunena kuti masewero akalewa ndi a azungu okha sizoona. Julius Nyerere ali mtsogoleri wa dziko anapeza nthawi yomasulira Julius Caesar mChiswahili, linatuluka mu 1963. Sol Plaatje wa ku South Africa anamasulira masewero a Shakespeare mChitswana kale kwambiri izi zisanachitike. Welcome Msomi anatenga Macbeth nkuisandutsa nkhani ya Azulu, uMabatha, ndipo inakaonetsedwa ku London mu 1972, ife Angoni a kuno tikanaionera tikanaona ngati ya makolo athu. Ndipo Antigone yemweyu akaidi anamusewera ku ndende ya Robben Island, Nelson Mandela ndi amene anali Creon. Anthu amenewa sanali okonda atsamunda. Anaona kuti nkhani ya mfumu yosamva ndi ya dziko lililonse. Ndiponso Agiriki akalewo ankasewera panja, pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, amuna okhaokha atavala zophimba kumaso, pali gulu loyimba ndi kuvina, anthu a mzinda wonse atakhala mozungulira. Munthu wokulira kuno kumene kuli bwalo ndi gule sangaone zimenezo ngati zachilendo, mwina mwana wa ku London ndi amene angadabwe nazo kuposa wa ku Macanga.

Ena akuti nanga mayeso, poti mayeso a kalasi 12 ndi osankha A, B, C, D, sewero lithandiza chiyani. Mayesowo amakhala ndi nkhani yoti mwana awerenge ndi kuimvetsa, ndipo mwana amene walimbana ndi masamba 12 mpaka kukangana nawo saopa ndime zitatu. Komanso tinene zoona, mwana atha kukhoza posankha zilembo nkukalephera intavyu ya mphindi zisanu ku Moatize, nde tidzati anaphunzira?

Za kuchuluka kwa ana mkalasi nzoona, pa khonde panga anali 9 pamene mphunzitsi ali ndi khwimbi. Koma seweroli linabwera kale ndi yankho lake, muli gulu la akuluakulu a mzinda amene amalankhulira pamodzi, nthawi ya Sophocles ankakhala anthu 15, nde palibe choletsa kuti mkalasi akhale 40, ena onse nkugawana zigawo, gulu ili mlonda ndi mfumu, gulu ilo Haemon ndi bambo ake. Mwana wamanyazi amayamba kulankhula ali mgulu, mawu ake atabisala mwa anzake, kenako amalimba mtima. Mapepala 12 anthu atatu atha kugwirizira limodzi.

Chimene chinandiimitsa kwambiri ndi mawu a mkulu wina wa mpingo wathu, munthu amene ndimamulemekeza. Anati mseweromo anthu atatu akudzipha, nanga tikuwaphunzitsa chiyani ana, masiku ano achinyamata akudzimangirira pa zifukwa zazing'ono. Sindinawayankhe msanga chifukwa nkhawa yawo ndi yoona, tonse tapitako ku maliro otere. Koma ndinaona pa khonde paja kuti ana sanatengepo kuti kudzipha nkwabwino, anakwiya, anati Antigone akanadikira pang'ono mfumu inali kale mnjira kudzamutsegulira, ndipo mnyamata wina amene salankhula zakukhosi ananena za mnzake amene anamwa mankhwala a mmunda chaka chapita, koyamba kuitchula nkhaniyo pagulu. Tinasiya Chingerezi tsiku limenelo tinangocheza. Mphunzitsi ayenera kusamala pamenepa, asathamangire, ndipo akaona mwana wasintha nkhope amutsatire akaweruka. Koma kubisa imfa kwa ana amene amagona ku maliro mwezi ndi mwezi sindikuona kuti kuwateteza.

Pa za Chichewa mkalasi ya Chingerezi, ndikudziwa aphunzitsi ena amaopa kuti akuluakulu akawapeza adzati sakuphunzitsa. Koma boma lomwe linayesa kale kuphunzitsa ana mchilankhulo chawo pamodzi ndi Chipwitikizi, pulojekiti ija ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo inachitikira konkuno ku Tete ndi Chinyanja, kwina ku Gaza ndi Chishangana, pambuyo pake maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa mmasukulu ena a pulayimale. Malamulo aakulu a dziko amati Chipwitikizi ndi chilankhulo cha boma, koma amanenanso kuti zilankhulo zathu ndi chuma choyenera kuchikweza. Nanga bwanji mwana akafika sekondale Chichewa chikhale ngati mlandu? Sindikunena kuti phunziro lonse likhale la Chichewa ayi, pamenepo Chingerezi sichingalowe. Ndikunena mphindi zochepa zoyamba, kuti mwana apeze chonena, chifukwa amene alibe chonena ngakhale mutamupatsa mawu 1,000 angokhala duu.

Pempho langa kwa aphunzitsi a Chingerezi a kuno, ku Ulongwe, ku Tsangano, ku Zóbuè, ku Chifunde, yesani temu imodzi yokha, sewero limodzi, ngakhale zigawo zitatu zokha, muone ngati ana amene mumati ndi mbuli sakudabwitsani. Amene amaphunzitsa aphunzitsi ku Universidade Púnguè ndi mmakoleji ena aganizirepo zowapatsa ophunzira awo masewero ofupikitsidwa oti akapite nawo kumidzi. Mawailesi a mmadera nawonso atha kupatsa ana theka la ola Loweruka, sewero pa Chingerezi kenako kukambirana pa Chichewa, agogo ngati apongozi anga aja adzaimba foni ndithu.

Ndipo inu abale a ku Malawi amene munalemba MSCE, ndikudziwa mmasutikesi ndi mmakatoni mwanu muli mabuku a Macbeth, Romeo and Juliet, Julius Caesar amene akungodyedwa ndi chiswe kapena kukulungira mandasi. Musataye chonde. Mukamabwera ku maliro kapena ku ukwati kuno, kapena mukakumana ndi wachibale wa tsidya lino pa msika wa Lizulu, mpatsireni akapereke pa sukulu ya kwawo. Ana anga 9 aja tsopano akwana 14, akuti holide ikubwerayi akufuna Macbeth, mwana wanga wanena kale kuti iye akhala mkazi wa Macbeth ndipo anyamata atatu akulimbirana kukhala afiti, koma buku ndilibe, ndili ndi zigawo ziwiri zokha zimene ndinakopera pamanja ku Dedza mu 1993, inki yake yayamba kufufutika.

Ndine kholo komanso mlimi wa kachewere,
Ulongwe, Angónia